Kugula nyumba ya lendi m'chigawo china cha America: mafunso ndi mayankho

Amalawi ambiri amene tili kuno ku America tikukhala m'mizinda imene nyumba zake n'zodula kwambiri, moti munthu wogwira ntchito yosamalira odwala kapena okalamba, ngakhale atamagwira usana ndi usiku, sangakwanitse kugula nyumba yachiwiri yobwereketsa pafupi ndi pamene akukhala. N'chifukwa chake nkhani yokagula nyumba ya lendi m'chigawo china, kumene mitengo ili yotsikirapo, imabuka kawirikawiri tikakumana pa maliro, pa chinkhoswe ngakhalenso pa chikondwerero cha 6 July. Ine ndimakhala ku Maryland ndipo nyumba ziwiri zimene ndimabwereketsa zili ku Indiana. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene abale ndi anzanga amandifunsa mobwerezabwereza, ndipo ndawayankha monga momwe ndikanafunira kuti wina andiyankhe ndisanagule nyumba yanga yoyamba.

N'chifukwa chiyani munthu angasiye mzinda umene akuudziwa n'kukagula nyumba kutali?

Chifukwa chake n'chakuti mtengo wa nyumba ndi lendi siziyendera limodzi. Nyumba ya zipinda zitatu ku Seattle, ku Boston kapena kufupi ndi Washington ikhoza kugulidwa pa mtengo woposa kanayi kapena kasanu wa nyumba yofanana nayo ku Cleveland kapena ku Memphis, koma lendi yake sikhala yokwera kanayi kapena kasanu. Wogula m'mizinda yodulayo amadalira kuti mtengo wa nyumba udzakwera m'tsogolo, pamene mwezi ndi mwezi akuwonjezera ndalama ya m'thumba mwake kuti ngongole ilipidwe. Wogula m'mizinda yotsika mtengo amafuna kuti lendi izilipira zonse n'kumatsala kangachepe. Kwa munthu amene akulipira fizi ya ana kuno komanso akutumiza ndalama kumudzi, njira yachiwiriyi ndiyo imakhala yotheka, ngakhale kuti ili ndi minga yake.

Ndingasankhe bwanji mzinda woyenera?

Yambani ndi funso la kumene anthu ochita lendi azipeza ndalama, osati funso la kumene nyumba zili zotchipa. Nyumba imatchipa pa chifukwa, ndipo nthawi zambiri chifukwacho chimakhala chakuti anthu akusamuka. Mzinda wa Detroit unali ndi anthu pafupifupi 1.85 miliyoni m'chaka cha 1950, koma kalembera wa 2020 anapeza anthu pafupifupi 639,000. Cleveland inali ndi anthu oposa 900,000 mu 1950, koma mu 2020 anali atatsala pafupifupi 373,000. Nyumba zimene anthu onsewo anazisiya sizinasamuke nawo, ndipo ndi zomwezo zimene zimaoneka pa intaneti ndi mitengo yokopa. Pa malonda a nyumba zolandidwa chifukwa cha ngongole ya msonkho ku Wayne County, kumene kuli Detroit (county ndi dera la m'chigawo lofanana ndi boma kapena district ya kwathu), nyumba zina zinkayambira pa $500, ndipo anthu a m'maiko akutali amene anagula nyumba mumzindawo asanazione, ena a iwo anadzazindikira mochedwa kuti agula mabwinja opanda mapaipi ndi mawaya.

Sindikunena kuti mizinda imeneyi ndi yosayenera konse, chifukwa muli madera amene anthu akubwereramo ndipo lendi ikuyenda bwino. Ndikungonena kuti muzifufuza zinthu zimene zimasunga anthu pamalo. Memphis ili ndi likulu la kampani yonyamula katundu ya FedEx ndi chipatala cha St. Jude. Indianapolis ndi likulu la chigawo komanso kuli kampani ya mankhwala ya Eli Lilly. Columbus ili ndi maofesi a boma la Ohio ndi yunivesite yaikulu ya Ohio State, ndipo Huntsville ku Alabama imadalira malo a asilikali a Redstone Arsenal ndi malo a NASA, bungwe la boma loona za maulendo a mumlengalenga. Mzinda umene uli ndi zipatala, masukulu, mafakitale ndi maofesi a boma nthawi imodzi sugwa tsiku limodzi, pamene tauni yodalira fakitale imodzi ikhoza kutha m'chaka chimene fakitaleyo yatsekedwa.

Samalaninso ndi mizinda imene aliyense akuithamangira. Ku Austin, m'chigawo cha Texas, anthu anakhamukirako pa nthawi ya mliri wa Covid-19, omanga anamanga nyumba zambirimbiri, ndipo pofika 2023 ndi 2024 lendi inayamba kutsika. Amene anagula mitengo ili pamwamba, akuyembekezera kuti lendi izingokwera, anapezeka akulipira ngongole yaikulu ndi lendi yochepa.

Mzinda ndausankha. Kodi pamenepa ntchito yatha?

Ayi, yangoyamba kumene. Munthu wa ku Lilongwe amadziwa kuti Area 47 ndi Mgona zili mumzinda umodzi koma sizifanana, ndipo sangalole kuti wina amugulitse nyumba pongomuuza kuti ili ku Lilongwe. Kunonso n'chimodzimodzi, ndipo kusiyanako kumatha kuchitika pongodutsa msewu umodzi kapena njanji. Anthu a ntchitoyi amagawa madera ndi zilembo, kuyambira A mpaka D. Dera la A lili ndi nyumba zatsopano ndi masukulu abwino, koma lendi yake sibweza mtengo wa nyumba msanga. Dera la D limaoneka lokoma pa pepala chifukwa nyumba ndi yotchipa ndipo lendi ikuoneka yokwera, koma kumeneko n'kumene chipangizo choziziritsira nyumba chimabedwa nyumba ikangokhala yopanda munthu kwa mlungu umodzi. Kwa munthu wokhala kutali, ine ndimalimbikitsa madera a B ndi C apamwamba, kumene kumakhala anamwino, madalaivala, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'mafakitale, anthu amene akalowa m'nyumba amafuna kuti ana awo amalize sukulu pamalo amodzi.

Musanawononge ndalama ya ndege, yendani msewuwo pa Google Street View, imene imaonetsa zithunzi za misewu pa intaneti, kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto kwake. Onani ngati kapinga amatchetchedwa, ngati pali nyumba zokhomedwa matabwa m'mazenera, ndiponso ngati magalimoto oimikidwa panja ali oyenda kapena akugona pa njerwa. Kenako lowani pa tsamba la county n'kuona eni ake a nyumba zoyandikana nazo. Msewu umene anthu ambiri akukhala m'nyumba zawozawo umadzisamalira wokha, pamene msewu umene nyumba zonse ndi za makampani akutali ulibe woudandaulira.

Ndamva za lamulo la 1 peresenti. Kodi n'lokwanira kundiuza ngati nyumba ili ndi phindu?

Lamulo limeneli limati lendi ya pa mwezi izikhala 1 peresenti ya mtengo wa nyumba, kutanthauza kuti nyumba ya $120,000 izibweretsa $1,200 pa mwezi. Ndi sefa yabwino yochotsera madeya pamene mukuona nyumba makumi asanu pa masamba a intaneti otsatsa nyumba monga Zillow kapena Redfin usiku umodzi, koma si masamu ogulira nyumba. Tiyeni titenge nyumba yongoyerekezerayi kuti tione mmene ndalama zimathera.

Lendi ya $1,200 pa mwezi ndi $14,400 pa chaka. Tichotsepo mwezi umodzi umene nyumba ingakhale yopanda munthu, ndipo patsala $13,200. Woyang'anira nyumba akatenga 10 peresenti yake, ndiye kuti $1,320 yapita. Tinene kuti msonkho wa nyumba ndi $2,400, inshuwalansi ndi $1,200, ndipo mwapatula $2,000 yokonzera zowonongeka komanso yosungira denga ndi chotenthetsera nyumba zimene zidzafunike kusinthidwa tsiku lina. Zonsezi zikachoka, patsala $6,280 pa chaka, ngongole isanalipidwe. Ndalama imeneyi ndi pafupifupi 5.2 peresenti ya mtengo wa nyumba, ndipo nambala imeneyi ndi imene eni ntchitoyi amaitcha cap rate.

Tsopano tinene kuti munalipira $30,000 ya m'thumba mwanu n'kukongola $90,000 kwa zaka 30. Ngati chiwongoladzanja chili pa 7 peresenti, muzilipira pafupifupi $599 pa mwezi, imene ndi pafupifupi $7,185 pa chaka. Nyumba ija, imene inakhoza bwinobwino mayeso a 1 peresenti, ikufuna kuti muziwonjezera pafupifupi $900 ya malipiro anu chaka chilichonse. Ngati chiwongoladzanja chikanakhala pa 4 peresenti, mukanalipira pafupifupi $5,160 pa chaka n'kutsala ndi ndalama yoposa $1,100. Nyumba ndi yomweyo, lendi ndi yomweyo, koma chimene chasintha ndi mtengo wa ngongole. Apa m'pamene anthu ambiri amasocherera, chifukwa malangizo ambiri amene amawamvera anakambidwa cha m'ma 2021, pamene chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba ya zaka 30 chinatsika mpaka pansi pa 3 peresenti, chisanakwere n'kuyandikira 8 peresenti mu October 2023. Ngati cap rate ili yotsika kuposa chiwongoladzanja chimene banki ikukupatsani, dola iliyonse imene mwakongola ikukudyerani phindu m'malo molichulukitsa.

Wogulitsa akakupatsani pepala la masamu ake, yang'anani mizere iwiri imene kawirikawiri imasowa kapena imachepetsedwa dala, umene ndi mzere wa miyezi yopanda munthu ndi mzere wa zokonza. Nyumba yomangidwa mu 1950 singakhale chaka chathunthu osafuna pulambala.

Kodi msonkho wa nyumba umasiyana kwambiri pakati pa zigawo?

Umasiyana kwambiri, ndipo nambala imene mukuiona pa tsamba la malonda nthawi zambiri imakhala ya mwini wakale, osati yanu. Ku Indiana lamulo limaika malire akuti msonkho usapose 1 peresenti ya mtengo woyerekezedwa ndi boma pa nyumba imene mwini wake akukhalamo, koma pa nyumba ya lendi malirewo ndi 2 peresenti. Ndiye mukagula nyumba kwa gogo amene wakhalamo zaka 40 n'kuikamo ochita lendi, msonkho ukhoza kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Ku Michigan msonkho sukwera kwambiri pamene nyumba ili m'manja mwa munthu mmodzi, koma ikangogulitsidwa, chaka chotsatira umawerengedwanso malinga ndi mtengo wa panthawiyo. Texas ilibe msonkho wa chigawo pa malipiro a anthu, koma msonkho wake wa nyumba ndi wokwera, ndipo New Jersey ndi Illinois zili m'gulu la zigawo zokhomera kwambiri pa msonkho umenewu. Imbani foni ku ofesi ya county n'kufunsa kuti msonkho udzakhala wotani nyumbayo ikakhala ya lendi.

Pa inshuwalansi, pemphani mtengo weniweni musanasaine. Ku Florida ndi ku Louisiana mitengo inakwera kwambiri chifukwa cha namondwe, ndipo inshuwalansi wamba ya nyumba silipira zowonongeka ndi madzi osefukira. Mapu a FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amasonyeza ngati nyumba ili m'dera losefukira, ndipo ikakhala m'dera loopsa, banki idzakukakamizani kugula inshuwalansi yapadera.

Kodi banki ingandikongoze ndalama yogulira nyumba ya m'chigawo chimene sindikhalako?

Inde, malinga ngati wokongozayo ali ndi chilolezo chogwira ntchito m'chigawo chimene muli nyumbayo. Pa nyumba yobwereketsa amafuna kuti mulipire ndalama yoyamba yokulirapo, kuyambira 15 peresenti pa nyumba ya banja limodzi ndi 25 peresenti pa nyumba ya mabanja awiri mpaka anayi, ndipo chiwongoladzanja chimakhala chokwererapo kuposa cha nyumba yokhalamo mwini wake. Palinso ngongole zotchedwa DSCR, zimene wokongoza amayang'ana lendi ya nyumbayo m'malo mwa malipiro anu, koma zimadula ndipo zambiri zimakhala ndi chilango ngati mwabweza ngongole nthawi isanakwane. Chinthu chimodzi ndikuchonderereni: musalembe pa fomu kuti mudzakhalamo nokha pamene mukudziwa kuti mudzabwereketsa. Umenewo ndi mlandu wachinyengo pansi pa malamulo a dziko lonse, ndipo kwa munthu amene sanalandirebe unzika, mlandu wotere ukhoza kusokoneza mapepala amene anawavutikira zaka zambiri.

Kodi n'koyenera kuti ndikaione ndekha nyumbayo ndisanagule?

Alipo amene amagula osapitako ndipo zimawayendera, koma ine pa nyumba yoyamba ndimati pitani. Tikiti ya ndege ndi masiku awiri ku hotela ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi zimene mukufuna kudziika m'khosi kwa zaka 30. Mukafika, yendani m'deralo masana, n'kubwereranso madzulo anthu ataweruka. Lowani m'chipinda chapansi pa nyumba n'kununkhiza, chifukwa chinyontho sichioneka pa chithunzi.

Kaya mupita kapena ayi, lembani ntchito katswiri woyendera nyumba amene mwamusankha nokha, osati amene wogulitsa wakupezerani, ndipo lipiraninso kuti alowetse kamera m'paipi ya zonyansa kuyambira m'nyumba mpaka kumsewu. M'mizinda yakale ya kumpoto mapaipi ambiri ndi adothi kapena achitsulo chakale, ndipo mizu ya mitengo imalowamo n'kuwaswa. Kuyeza kumadya madola mazana ochepa, pamene kukumba n'kusintha paipi kumadya masauzande. Ngati nyumbayo inamangidwa chaka cha 1978 chisanafike, ikhoza kukhala ndi penti wokhala ndi mtovu, amene amawononga ubongo wa ana, ndipo lamulo limakulamulani kudziwitsa aliyense wochita lendi za chiopsezo chimenechi. Mzinda wa Cleveland unawonjezera lamulo lake mu 2019 lofuna kuti nyumba za lendi zakale zikhale ndi chiphaso chotsimikizira kuti n'zotetezeka ku mtovu.

Tsiku lotumiza ndalama likafika, imbani foni ku kampani yosamutsa umwini pa nambala imene mwaipeza nokha, n'kutsimikizira akaunti musanatumize. Akuba amatumiza imelo yooneka ngati yeniyeni yokhala ndi akaunti yawo, ndipo ndalama ikapita kumeneko n'kovuta kuti ibwerere.

Nanga makampani amene amagulitsa nyumba yokonzedwa kale, wochita lendi ali kale m'kati?

Malonda amenewa amatchedwa turnkey, ndipo amakopa kwambiri munthu wotanganidwa chifukwa kampani imodzi ndi imene imagula, kukonza, kuika munthu ndi kuyang'anira. Alipo makampani ochita zimenezi mokhulupirika. Komabe kumbukirani kuti kampani yotereyi imapeza phindu lake tsiku limene mwagula, pamene inu phindu lanu likudalira zaka zimene zikubwera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti watsopano ndi makabati onyezimira akhoza kubisa denga lotha ndi mawaya akale. Pemphani kuti mtengo wa nyumba uyezedwe ndi munthu wodziimira payekha, pemphani mndandanda wosonyeza mmene wochita lendiyo wakhala akulipirira, ndipo yerekezerani lendiyo ndi ya nyumba zoyandikana nazo. Kampani ikakana kuti mubweretse woyendera nyumba wanu, musapitirire nayo.

Ndingapeze bwanji woyang'anira nyumba wodalirika?

Ili ndilo funso lalikulu kuposa onse, ndipo ndikanakonda anthu akanamalifunsa poyamba, asanayambe n'komwe kuyang'ana nyumba. Mukakhala kutali, maso anu, makutu anu ndi miyendo yanu ndi munthu ameneyu.

Ine ndinaphunzira zimenezi m'njira yowawa. Pa nyumba yanga yoyamba, banja limene linkakhalamo linasamuka kumapeto kwa December, ndipo woyang'anira amene ndinali naye panthawiyo sanasamutse akaunti ya gasi kuti ikhale m'dzina lathu, moti chotenthetsera chinazima. Kwa ife amene tinakulira kumene kuzizira kwake n'kwa mu June, pamene juzi ndi mbaula zimakwanira, sizibwera m'mutu msanga kuti madzi akhoza kuuma m'paipi mpaka kuiphulitsa. Paipi ya kubafa yam'mwamba inaphulika, ndipo kutayamba kufunda madzi anayenderera masiku angapo popanda wowaona. Amene anandidziwitsa anali mayi woyandikana nayo nyumbayo, amene ndinasiya nambala yanga kwa iwo tsiku limene ndinapitako. Chithunzi chimene ananditumizira atasuzumira pawindo chinasonyeza siling'i ya kukhitchini itagwera pa chitofu, matabwa a pansi atafufuma, ndi madzi akutuluka pansi pa chitseko. Lendi ya chaka chonse inathera pamenepo, ndipo ndinakhala miyezi ndikulimbana ndi a inshuwalansi chifukwa nyumbayo inali yopanda munthu ndiponso yosatenthetsedwa.

Kuyambira pamenepo, ndikamalankhula ndi woyang'anira watsopano ndimafunsa mafunso olunjika. Ndimafunsa kuti nyumba yopanda munthu amaiyendera kangati, amayang'anira nyumba zingati ndipo ali ndi antchito angati, ndiponso ngati amawonjezera kangachepe kawo pa ndalama imene apulambala ndi akalipentala alipiritsa. Ndimafunsanso malire a ndalama imene angagwiritse ntchito asanandiimbire, komanso ngati ndingathetse mgwirizano popanda chilango. Ambiri amalipiritsa pakati pa 8 ndi 12 peresenti ya lendi, ndiponso ndalama yapadera akapeza munthu watsopano, imene imatha kufika theka la lendi ya mwezi kapena mwezi wathunthu. Onetsetsani kuti peresentiyo ikuchokera pa lendi imene yatoleredwa, osati imene inayenera kutoleredwa, chifukwa munthu amene amalipidwa ngakhale lendi isanalowe alibe chomuthamangitsa. Mufunseninso ngati iye mwini angagule nyumba mumsewu umene mukuufunawo. Woyang'anira wabwino amakana nyumba za m'madera ena, ndipo kukanako ndi malangizo aulere.

Mizinda ina tsopano ikukakamiza zimenezi mwa lamulo. Mu 2024 Cleveland inakhazikitsa malamulo ofuna kuti mwini nyumba wokhala kutali akhale ndi munthu weniweni wa m'deralo amene angayankhe mlandu wa nyumbayo, chifukwa anthu a mumzindawo anatopa ndi nyumba zowonongeka za eni ake osaoneka.

Ndili ndi msuweni ku South Bend. Bwanji iyeyo azingondiyang'anirira?

South Bend kuli Amalawi ambiri, ndipo kukhala ndi m'bale amene angadutse pa nyumba yanu n'kukuuzani mmene ikuonekera ndi mwayi waukulu. Koma kuona n'kosiyana ndi kuyang'anira. Tonse tinamvapo za munthu amene anatumiza ndalama ya simenti ndi malata kumudzi kwa zaka zambiri, n'kukapeza maziko okha, ndipo chimene chinatha pamenepo si ndalama yokha koma ubale. Msuweni wanu ali ndi ntchito yake, sangadzuke pakati pa usiku chifukwa cha chimbudzi chotsekeka, ndipo simungamuchotse ntchito popanda nkhaniyo kufika kwa amalume. Kuwonjezera apo, zigawo zambiri zimafuna kuti munthu woyang'anira nyumba za ena molipidwa akhale ndi laisensi.

Wochita lendi akasiya kulipira, ndingachite chiyani ndili kutali?

Choyamba, iwalani zimene tinkaona kwathu, zoti landilodi akakwiya amazula chitseko, kudula madzi kapena kutulutsa katundu panja. Kuno mukachita zimenezo, amene angalipitsidwe ndi khoti ndi inuyo. Munthu amatulutsidwa m'nyumba kudzera m'khoti, ndipo njira yake imasiyana chigawo ndi chigawo. Ku Ohio ndi ku Texas kalata yochenjeza imakhala ya masiku 3, ku Indiana ya masiku 10, ndipo ku New York ya masiku 14, koma imeneyo ndi kalata chabe, chifukwa mlanduwo umatha kutenga milungu ingapo m'malo ena ndi miyezi yambiri m'malo ena. Dipoziti nayo ili ndi masiku ake oibwezera, omwe ndi 21 ku California, 30 ku Ohio ndi 45 ku Indiana, ndipo mukachedwa mukhoza kutaya ufulu wodulapo ndalama ya zowonongeka.

Zigawo zina zimaikanso malire pa kukweza lendi. Oregon inali yoyamba kuchita zimenezi m'chigawo chonse mu 2019, ndipo California inatsatira ndi lamulo loletsa kukweza lendi kuposa 10 peresenti pa chaka pa nyumba zambiri. Ndinene pano kuti sindigwirizana ndi anthu amene amasankha chigawo pongoona kumene kuli kosavuta kuthamangitsa munthu. Ambiri a ife tinakhalapo pa lendi ku Ndirande kapena ku Kawale, ndipo tikudziwa mmene mtima umagundira mwezi ukatha malipiro asanabwere. Banja limene lakhala likulipira bwino kwa zaka ziwiri n'kuchedwa mwezi umodzi chifukwa cha matenda ndi lofunika kulimvetsera, ndipo ngakhale pa masamu, kulisunga n'kotchipa kuposa kupenta nyumba yonse n'kudikira munthu watsopano.

Kodi ndingasankhe ndekha mtundu wa anthu amene ndikufuna kuti alowe m'nyumba yanga?

Mukhoza kusankha malinga ndi ndalama imene munthu amapeza, mbiri yake ya ngongole ndi umboni wochokera kwa eni nyumba amene anakhalako kale, malinga ngati muyeso wake ndi umodzi kwa aliyense. Lamulo la Fair Housing Act, limene linasainidwa mu April 1968, patangopita mlungu umodzi Martin Luther King ataphedwa ku Memphis, limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo kapena dziko limene anachokera, ndipo pambuyo pake linawonjezedwa kuti liteteze anthu posatengera kuti ndi amuna kapena akazi, olumala, kapena ali ndi ana. Mawu amene kwathu timawaona pa zikwangwani, akuti pakufunika banja lopanda ana kapena munthu wopemphera, kuno akhoza kukutengerani ku khoti.

Ena ofuna nyumba adzakuuzani kuti ali pa Section 8. Imeneyi ndi ndondomeko ya boma yothandiza mabanja opeza zochepa, imene wochita lendi amalipira pafupifupi 30 peresenti ya ndalama imene amapeza, ndipo yotsalayo imachokera ku ofesi ya nyumba ya m'deralo. Ubwino wake ndi wakuti gawo la boma limabwera mwezi uliwonse, ndipo mabanja ambiri otere amakhalitsa. Vuto lake ndi lakuti nyumba imayenera kuyenderedwa ndi kuvomerezedwa munthu asanalowe, zimene zimatha kuchedwetsa lendi yoyamba.

Msonkho wa phindu ndizilipira kuti?

Lendi imalembedwa pa fomu ya msonkho ya boma lalikulu, ndipo ngati chigawo chimene kuli nyumbayo chili ndi msonkho wa ndalama zolowa, mumalembanso fomu ya kumeneko monga munthu wosakhalako. Chigawo chimene mukukhala nthawi zambiri chimakuchotserani zimene mwalipira kale kwinako. Chiwongoladzanja, msonkho wa nyumba, inshuwalansi, zokonza ndi malipiro a woyang'anira zimachotsedwa pa lendi msonkho usanawerengedwe. Boma limalolanso kuti mtengo wa nyumbayo, kupatula malo amene yakhalapo, muziugawa pa zaka 27.5 n'kumachotsa gawo limodzi chaka chilichonse, koma mukadzagulitsa lidzafuna msonkho pa zimene munachotsazo. Amene akufuna kugulitsa nyumba ya lendi n'kugula ina popanda kulipira msonkho nthawi yomweyo amagwiritsa ntchito gawo 1031 la malamulo a msonkho, limene limapereka masiku 45 otchulira nyumba yatsopano ndi masiku 180 omalizira kugula. Pa zonsezi lipirani akauntanti wodziwa za nyumba za lendi.

Ine ndimakhala ku Blantyre, Johannesburg kapena Manchester. Kodi ndingagule nawo?

Munthu wosakhala nzika akhoza kugula nyumba ku America, ngakhale kuti zigawo zina zayamba kuika ziletso kwa nzika za maiko ena ochepa, koma malamulo a msonkho amamuthina mosiyana. Muyenera kupeza nambala ya msonkho yotchedwa ITIN. Ngati simunapereke fomu ya W-8ECI kwa woyang'anira nyumba, iye amayenera kudula 30 peresenti ya lendi yonse, ndalama zowonongedwa zisanachotsedwe, n'kuitumiza ku boma. Mukadzagulitsa, lamulo la FIRPTA limati wogula asunge 15 peresenti ya mtengo wonse n'kuipereka ku boma, ndipo inu mumadzaitanitsa yotsalayo pambuyo polemba fomu ya msonkho. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti munthu wokhala kunja akamwalira ali ndi katundu ku America, $60,000 yokha ndi imene simakhudzidwa ndi msonkho wa chuma cha masiye, pokhapokha ngati pali pangano lapadera pakati pa America ndi dziko limene ankakhala. Kwa amene ali ku Malawi palinso nkhani ya kutulutsa ndalama zakunja, imene imayendetsedwa ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndipo ndi kusowa kwa madola kumene kwakhalapo m'zaka zapitazi, funso limeneli liyenera kuyankhidwa ku banki yanu musanalonjeze wogulitsa aliyense tsiku lolipira.